Nkhope ya Apongozi a Bessie

Bessie Nachinga anakwatiwa ku Misuku ali mtsikana, ndipo anakhala pa banja la a Masebo zaka zoposa makumi awiri osaona nkhope ya apongozi ake aamuna. Sikuti ankakhala kutali ayi. Nyumba ya a Petros Masebo inali kumtunda kwa bwalo lomwelo, kungodutsa nthochi zingapo ndi khola la nkhumba. Ankamwa madzi a kasupe mmodzi, utsi wa m'khitchini mwa Bessie unkalowa pa zenera lawo, koma nkhope sanaionepo. Ankawadziwa ndi chifuwa chawo, ndi kugogoda kwa ndodo, ndi zidendene zong'aluka zimene ankaziona akagwada m'mbali mwa njira, chitenje chili kumaso.

Mwambo wake ndi wotero kumapiri kuno, makamaka m'mabanja akale. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako wamwamuna, sayang'anana nawe, sakupatsa chinthu pamanja, ndipo dzina lako silituluka pakamwa pake. Mabanja ambiri anaufewetsa kale mwambowu mpaka kungotsala kugwada ndi kuyang'ana pansi. Koma a Petros sanali munthu wofewetsa zinthu. Ngakhale khofi wawo ankamudulira mmene anawaphunzitsira bambo awo, alangizi a zaulimi alankhule mpaka kusasa mawu.

Bessie anakulira kufupi ndi boma la Chitipa, kumene atsikana ankaseka nkhani zoterezi. Sukulu analekezera sitandade sikisi. Mutu unalipo, koma mayi ake atadwala panalibe wina wowasamala. Anali wa kwaya, wa pakamwa, wokonda kutsutsa. Choncho apongozi ake aakazi atamukhazika pansi n'kumuuza kuti akadzangowayang'ana atatavyala ake, ndiye kuti apongozi aamunawo, miyendo idzalefuka ndipo khungu lidzasupuka, Bessie anati "yewo amama" mwaulemu wonse, uku akusekera mumtima. Mkhristu wobatizidwa aope nkhope ya munthu mnzake?

Kusekako kunatha chaka chomwecho. Tsiku lina akuchokera kotola nkhuni m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese, mtolo uli pamutu, anatulukirana ndi a Petros pa kanjira kopapatiza kodula m'phiri. Iye anaganiza zongoyang'ana kumbali n'kudutsa. Iwo sanaganize n'komwe. Anadziponya kumunsi kwa njira n'kugubuduzika pa chitsetse mpaka kukatsakamira pa tsinde la nthochi m'munda wa eni ake. Bondo lawo silinabwererenso m'malo mwake. Ndodo ija inayamba tsiku limenelo, ndipo Bessie akaimva ikugogoda pabwalo ankakumbuka kuti anaibweretsa ndi iye. Anazindikira kuti kwa mkuluyu nkhaniyi si ya mantha okha, ndi ulemu umene anali wokonzeka kuthyokera mwendo.

Kuyambira pamenepo anakhala mkamwana wosamala kuposa onse m'mudzimo. Pa mzere wopimitsa khofi ku fakitale, akamva chifuwa chija kumbuyo, ankasiya thumba lake n'kukaima kuseri kwa thanki. Tsiku la chisankho ankachoka pa mzere kangapo, n'kudzavota dzuwa litapendeka anzake atabalalika kale, koma kuvota sanaphonyepo. Atayamba kuwerenga mawu m'tchalitchi, akafika pa mtumwi amene ali ndi dzina la apongozi akewo ankangoti "msodzi uja", ndipo mpingo wonse unazolowera. Mlendo yekha ndi amene ankasanthula m'Baibulo lake kufuna kuona kuti msodzi ameneyu walembedwa pati.

Musaganize kuti ankadana. Mapeyala oyamba kukhwima pa mtengo wa a Petros ankapezeka m'mawa pa mwala wa pakhomo la khitchini, ngati agwa okha n'kudzindandalika. Ndipo mwamuna wa Bessie, Samuel, atafuna kusiyitsa sukulu mwana wawo woyamba, Vitumbiko, poti mtsikana azithandiza kumunda, a Petros anaima pakati pa bwalo n'kuyamba kukalipira nthochi. Anaziuza nthochizo, mokweza kuti ndi kukhitchini komwe kumveke, kuti pamudzi pano palibe mwana amene asiye sukulu iwo ali moyo, ndipo amene ali ndi maganizo otero akagone kaye. Vitumbiko lero akuphunzira unamwino ku Mzuzu. Bessie analira m'khitchini tsiku limenelo, ndipo analibe njira ina yothokozera koma kuphika. Apongozi aakazi atamwalira, mbale ya a Petros inkachokera kwa iye, Samuel kapena ana n'kukapereka.

Chinthu chimodzi ndicho chinkamupweteka. A Petros anali kunja kwa gome la Ambuye. Ali mnyamata wa mphamvu zake anakwatira mkazi wachiwiri, mpingo unawaimitsa pa Mgonero, ndipo iwo sanatsutse kapena kuthawira ku mpingo wina monga amachitira ena. Lamulungu lililonse ankabwera, kukhala kumbuyo, kuimba nyimbo zonse osayang'ana m'buku. Koma likafika tsiku la Mgonero, abusa akati osaloledwa atuluke, ankanyamuka pamodzi ndi ana n'kukakhala pansi pa mtengo wa mkungudza, chipewa chili m'manja. Bessie ankauona msana wawo pa zenera. Msana ankaloledwa kuuona, ndipo ankaupempherera chaka ndi chaka.

Akazi onse awiri atatsogola, a Petros anapempha kubwerera. Anawaika m'kalasi pamodzi ndi anyamata ometa m'mbali, nkhalamba pakati pa amsinkhu wa zidzukulu zake, kuloweza mafunso ndi mayankho. Vuto linali maso, anali atachita nkhungu moti zilembo zinkangooneka ngati nyerere. Ndiye masana aliwonse Bessie ankatenga kabuku ka kalasi, kukhala kuseri kwa khoma la nyumba yawo, n'kumawerenga mokweza ngati akudziwerengera yekha. Akathamanga, mkatimo munkamveka kutsokomola, iye n'kubwereza pang'onopang'ono. Odutsa m'njira ankati amama Nachinga ayamba kulalikira khoma. Koma chaka chitatha mkuluyo anayankha mafunso onse osadodoma, anyamata aja akukanda m'mutu.

Nthawi imeneyi n'kuti Bessie atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Sanachite kufuna. Anamusankha chifukwa pa maliro ankafika woyamba, odwala ankawadziwa onse, ndipo pa msonkhano sankaopa kunena kuti denga likudontha. Tchalitchi chawo ndi chaching'ono, akulu awiri okha, iye ndi a Aaron Kabaghe. Pa Mgonero a Aaron ankanyamula mbale ndi chikho kumbali ya amuna, Bessie kumbali ya amayi, ndipo palibe anaonapo vuto. Abusa ali ndi matchalitchi ambiri m'mapiri muno. Amakwera ndi njinga yamoto kukakhala kouma, koma mvula ikangoyamba msewu umasanduka phala ndipo saonekanso mpaka ikate. Mgonero wa Lamulungu limenelo unali womaliza mvula isanagwe, ndipo kwa a Petros unali woyamba chiyambire Bessie asanabadwe. Zoti adzafika pa wina palibe ankalonjeza. Chifuwa chija chinali chitasintha mawu, chinkachokera pansi penipeni, ndipo Samuel atawaperekeza kuchipatala anabwerako ali chete, zimene si khalidwe lake.

Lachisanu foni ya Bessie inalira. Anali a Aaron, mawu akudukaduka. Mchimwene wawo wamwalira kutsidya kwa Songwe, ku Tanzania, iwo awoloka kale, sabwerako mpaka aike maliro ndi kukambirana za ana.

"Pole sana, adada," anatero Bessie. "Nanga za Lamulungu?"

"Mutumikire mbali zonse, amama. Palibe kuchitira mwina."

Foni inaduka. Bessie anakhala pa mtondo.

Loweruka abusa anafika, a Mthunzi Jere, mnyamata wa ku Mzimba, wophunzira, wa mtima wabwino, wongotumizidwa kumene kuno. Bessie anawapeza kuseri kwa tchalitchi akupukuta fumbi m'makutu, ndipo anagwada chapatali.

"Monire aliska," anatero, poti abusa kuno amawaitana choncho. "Ndili na suzgo pang'ono."

"Yewo, amama Nachinga. Vuto lanji?"

Anafotokoza zonse, maso ali pansi. Pomaliza anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ikafika nthawi abusa achoke kuseri kwa gome akawapatse okha a Petros mkate ndi chikho. Abusa anamvetsera mpaka kumapeto, osamudula, ndipo Bessie anayamba kukhala ndi chiyembekezo.

"Amama, kwathunso mkamwana amapereka ulemu, ndikudziwa. Koma gome ili si la a Masebo, ndipo si langa. Ndikachoka pamalo panga chifukwa cha munthu mmodzi, ndiye kuti ndauza mpingo wonse kuti pali mwambo wina umene uli pamwamba pa Ambuye. Wina adzati sindilandira kwa mkazi, wina adzati sindilandira kwa wa mtundu wakuti. Inu mpingo unakusankhani. Mawa simuli mkamwana, ndinu mtumiki."

"Aliska, ine ndikhoza kukhala mtumiki. Koma iwo akhalabe atatavyala. Atuluka. Mundikhulupirire, atuluka."

"Munthu amene wadikira zaka zonsezi sangatuluke pa nkhani ngati imeneyi."

"Anathyoka mwendo pothawa ine, aliska."

Abusa anaseka pang'ono, poyesa kuti ndi kalankhulidwe chabe. Ataona kuti Bessie sakuseka analeka, koma maganizo sanasinthe. Anati apemphere. Pemphero linali labwino ndithu, lalitali, koma Bessie ananyamuka vuto lake lili lonse.

Choipa chake n'chakuti abusa sankanama. Bessie mwini anali ataphunzitsapo amayi zomwezo, kuti pa gome lija palibe wamkulu kapena wamng'ono. Kuphunzitsa n'kosavuta nkhani ikakhala ya pabanja la eni. Ku kasupe anakumana ndi Tamanda, mkazi wa mlonda wa nkhalango, wa ku Mulanje, amene ankapemphera nawo limodzi, ndipo anamuululira.

"Amayi inu, musadzipatse matenda," anatero Tamanda. "Kwathu mkamwini amawazemba apongozi aakazi, koma izi zanu zanyanya. Ingowapatsani basi. Akwiya sabata imodzi, kenako azolowera."

"Inu amuna anu akadzawasamutsa mudzakwera lole," anayankha Bessie. "Ine nditsala pabwalo lomwelo."

Anaganiza zodwala. Mutu, malungo, chilichonse. Koma lamulo la mpingo wawo ndi lakuti popanda mkulu wa mpingo gome silivundukulidwa. Akagona kunyumba, Mgonero ulephereka kwa aliyense, a Petros n'kudikira mvula ikate ndi chifuwa chimenechi. Akapita, a Petros atuluka. Kulikonse kumene ankatembenukira ankapeza msana uja uli pansi pa mkungudza. Ndipo pansi pa zonsezi panali kanthu kena kamene ankachita nako manyazi, mawu aja a apongozi ake aakazi onena za miyendo. Sankawakhulupirira, iye mkulu wa mpingo. Komabe ankapeza dzanja lake likusisita bondo.

Bessie anamupeza Samuel ku khola akuthira madeya. Samuel ndi munthu wabwino, wolimbika, koma akaona nkhani yovuta ikubwera amakhala ndi ntchito ku khola. Nayenso chaka chimenecho anali ataimitsidwa pa Mgonero chifukwa cha chipumu, mowa wa mawere uja, moti pa benchi sakanakhala nawo pafupi bambo ake.

"Awiske Vitumbiko," anatero Bessie, pomuitanira dzina la mwana wawo, "mukawauze adada anu za a Aaron. Adziwiretu lero, asakadzidzimuke m'tchalitchi."

"Ndikawauza lero, mawa sadzuka n'komwe, anyina Vitumbiko. Anamizira chifuwa."

"Nanga mukapanda kuwauza?"

"Mwina Chiuta achitapo kanthu."

"Chiuta anakupatsani pakamwa."

"Ndiwauza, ndiwauza," anatero Samuel, akuyang'ana nkhumba.

Kutacha Lamulungu, Bessie anamva chitseko cha kumtunda chikutseguka, ndodo ikugogoda mwamphamvu kuposa masiku onse, ndi mkulu akuimba chapansipansi. Munthu wouzidwa saimba chotero. Anamufunafuna Samuel ndi maso. Samuel anali ndi ntchito ku khola.

Kutchalitchi anatsuka chikho, chimodzi chachikulu chachitsulo, cholemera, chimene mpingo wonse umamwera. Anadula buledi maganizo ali kwina, moti tizidutswa tina tinatuluka tatikulu, tina ta mpheta. Anavala bulauzi yake yoyera ndi duku loyera n'kukakhala pambali pa gome, nkhope kuloza kukhoma. Anamva a Petros akuitanidwa kutsogolo. Anawamva akulonjeza, mawu olimba, osatsokomola ngakhale kamodzi, ndipo amayi ena anayamba kufwenthera. Anawakhazika pa benchi la kutsogolo kumbali ya amuna, limene amasiyira obwezeretsedwa, ndipo tsiku limenelo wobwezeretsedwa anali mmodzi yekha.

Kenako abusa analengeza kuti a Aaron ali ku maliro, amama Nachinga atumikira mbali zonse.

Ndodo inagwa. Phokoso lake pa simenti linamveka tchalitchi chonse, ndipo panapita kanthawi mwini wake asanaitole. Osaloledwa anatuluka, Samuel ali pakati pawo, akuyenda mofulumira ngati munthu wopulumuka.

Bessie anayambira kwa amayi. Chibadwire sanayendepo pang'onopang'ono chotero. Mayi wina wachikulire potenga mkate anamugwira mkono n'kunong'ona kuti alimbe mtima, zimene zinangowonjezera mantha. Mabenchi a amayi anatha. Anakokera duku kumaso mpaka kungoona mbale ndi pansi, n'kuwolokera kwa amuna. Anayambira kumbuyo, zimene si dongosolo lake, kuti achedwe basi. Amunawo ankawazindikira ndi nsapato. Kenako nsapato zinatha, kunatsala ziwiri zokha, zakuda, zopaka polishi, za Samuel, zazikulu pa mapazi amene anazivala.

Benchi linalira. Ndodo inaponda pansi. Nsapato zija zinaimirira n'kutembenukira kukhomo.

Bessie anamva mkwiyo ukukwera pamodzi ndi misozi. Anakwiyira abusa ndi maphunziro awo, anakwiyira Samuel ndi nkhumba zake, anakwiyira ngakhale malemu a ku Tanzania posankha sabata imeneyi. Nsapato zinasuntha pang'ono n'kuima. Zinaima nthawi yaitali moti nyimbo inazilala, amayi otsogolera ataiwala kuyamba ndime ina. Kenako zinazungulira benchi, mwendo wolumala ukukokedwa, ndipo a Petros anakhalanso pansi, atafulatira gome, abusa ndi Bessie, nkhope kuloza kumbuyo kwa tchalitchi. Dzanja linatulukira kumsana, chikhatho chotambasula, ngati mwana wolandira chinthu mobisa.

Mtsikana wina anaphulika kuseka, mayi ake n'kumutsina. Bessie anamva abusa akukonza kukhosi, ndipo mumtima anati basi, awauza kuti atembenuke, zonse zathera pano. Koma abusa anangoyambitsanso nyimbo ija. Bessie anagwada n'kukhudzitsa mbale pa zala zija. Zala zinafufuza, zinatenga kachidutswa, zinapita.

Kunatsala chikho. Anazungulira nacho mpingo wonse monga poyamba, ndipo atafika kutsogolo dzanja linatulukanso kumsana. Anachiika m'dzanjamo. Koma chikho chimene munthu wa mphamvu amachigwira ndi manja awiri, nkhalamba yodwala ichigwire bwanji ndi limodzi, chakumbuyo? Dzanja linagwedezeka, vinyo anakhavukira pa mkono wa bulauzi yoyera, ndipo Bessie akanapanda kugwiririra pansi pake chikanagwa. Anayesanso, chimodzimodzi. Amuna a benchi lachiwiri, amene tsopano anali maso ndi maso ndi a Petros, aliyense anapeza choyang'ana pansi. Palibe anafuna kukhala woyamba kulowerera nkhani ya m'banja la eni. Dzanja lija linasiya chikho, linafumbata, n'kuyamba kubwerera. Mkuluyo anali atagonja. Mkate walandira, wati zimukwanira.

Bessie sanaganize. Akanaganiza sakanachita. Ananyamuka, anazungulira benchi, anagwada patsogolo pawo penipeni, pafupi moti anamva fungo la jekete lokhalitsa m'sutukesi ndi kupuma kwawo kolira mluzu. Anakweza chikho osaona, chinagunda batani la jekete. Anakwezanso, chinagunda chibwano, vinyo n'kudontha. Munthu sungamumwetse usakudziwa pamene pali pakamwa pake. Ndi kuseri kwa dzanja anakankhira duku m'mwamba, n'kuyang'ana.

A Petros anali atatsinzina mwamphamvu, nkhope yonse itakwinyika ngati mwana wodikira jakisoni. Anali aang'ono. Zaka zonsezi Bessie ankaganiza za chimunthu cha nkhope yoopsa, koma apa panali kankhalamba ka masaya olowa mkati, ndevu zometedwa mosiyiza, ndi mphuno ya Vitumbiko yeniyeni. Misozi inkatuluka m'maso otsekawo. Chikho chitakhudza mlomo anayasamula, ndipo mkamwamo munalibe dzino ngakhale limodzi.

Anamwa. Bessie anaona kholingo likukwera n'kutsika. Anagwetsanso duku, ananyamuka, anabweza chikho pa gome.

Mapemphero atatha, abusa anamutsatira kuseri kumene ankatsuka ziwiya.

"Amama, pamene dzanja lija linkabwerera ndinali nditayamba kunyamuka. Ndinachedwa. Dzulo ndinalankhula ngati munthu wodziwa zonse. Mundikhululukire."

Bessie anati "yewo aliska", koma maganizo ake sanali pamenepo. Sanalinso kwenikweni pa miyendo, ngakhale penapake m'njira yopita kunyumba anaima n'kuiponda mwamphamvu kuti aone ngati ikadalipo. Maganizo anali pa mkamwa muja. Zaka zonse zimene ankawaphikira, ankawatumizira za ulemu, zimene amapatsidwa mwini mudzi: nthutumba ya nkhuku, nyama ya nkhumba yowamba mpaka kuuma, chimanga chootcha, mtedza wokazinga. Mbale inkabwerera yoyera, iye n'kumanyada kuti atatavyala amakonda zophika zake. Ndipo galu wa a Petros anali wonenepa kuposa agalu onse a dera limenelo, anthu ankachita kumulozerana.

"Mano anatha liti?" anamufunsa Samuel atangolowa pabwalo.

Samuel anamuyang'anitsitsa. "Ndiye kuti inu mwawa..."

"Ndafunsa za mano."

"Kale, amama asanamwalire. Anati ndisakuuzeni. Anati mkamwana amaphika ndi mtima wonse, akamva achita manyazi. Amamwa msuzi, zinazo amapatsa galu."

Mthiko unali pafupi, ndipo Samuel anachita mwayi kuti linali tsiku la Mgonero.

Tsopano panali nkhani ina, yoopsa kuposa yoyamba. M'tchalitchi muja a Petros anali otsinzina. Sanaone kanthu, ndipo akanatha kukhala masiku awo otsala akudziuza kuti mkamwana sanayang'ane, chikho chinapeza chokha njira. Amene anaona sakananena pamaso pawo. Bessie akanangotumiza nyama yowamba monga mwa masiku onse, mwambo ukanakhala ngati sunathyoke, mtendere n'kupitirira. Koma akatumiza chakudya chofewa, mbaleyo ikanena poyera kuti ndakuonani. Ndipo munthu ngati a Petros akhoza kuibweza osaikhudza, mwinanso osadzalandira kanthu kochokera m'khitchini mwake mpaka kufa.

Analowa m'khitchini. Kenako anasenda nthochi zaziwisi, anaziphika mu msuzi wa nkhuku mpaka kufeweratu, nyama anaisinja, zonse anazikanya pamodzi. Anapakula n'kuvundikira.

Samuel atasuzumira m'mbale anabwerera m'mbuyo. "Anyina Vitumbiko, mukudziwa chimene mbale iyi ikanene?"

"Ndikudziwa. Nyamulani."

Anakhala pansi kuseri kwa khitchini, bulauzi yothimbirira vinyo asanavule, akumvetsera. Kumtunda kunali zii. Sikunamveke kutsokomola, sikunamveke kukalipa, ngakhale kulira kwa supuni. Nkhuku zinabwera kudzajompha makoko pamapazi pake, iye osaziingitsa. Mitambo ya mvula inali itayamba kuunjikana pamwamba pa Mughese. Anayesa kupemphera, koma mawu amene ankabwera anali amodzi okha, akuti asabweze.

Samuel anatsika mochedwa, mbale ili m'manja, yovundikira monga inapitira. Bessie anatambasula manja. Anailandira ali pansi pomwepo, n'kumva kuti yapepuka.

"Galu?"

"Galu anangoyang'ana."

"Nanga anati chiyani?"

Samuel anakhala pansi pafupi naye, anapukuta kumaso ndi chipewa. "Atavundukula n'kupeza zofewa zokhazokha, ine ndinati lero kuli mlandu. Kenako anapempha supuni. Adya zonse, mpaka kupala ndi chala. Ndiye anati, 'Kamuuze mwana wangayo kuti ndakhuta. Ndinali nditaiwala mmene kukhuta kumakhalira.'"

Bessie anavundukula mbale, anaona mizere ya chala m'mphepete mwake, ndipo analira mokweza osasamala kuti kumtunda amva.